Phulusa, fumbi la kukwale kapena utuchi: chili ndi phindu n'chiti m'mabuloko a thovu?

Aliyense woumba mabuloko amadziwa komwe ndalama zake zimathera: simenti, mchenga ndi transipoti. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti ndi mafuta agalimoto zakhala zikuwawa m'thumba, chonsecho msika wa mabuloko ulipo ndithu, makamaka kuchokera mu 2018 pomwe boma lidakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda. N'chifukwa chake ena ayamba kuyang'ana konkire wa thovu, yemwe pa Chingerezi amati foam concrete, ndipo akufunsa ngati angathiremo phulusa, fumbi la miyala kapena utuchi m'malo mwa mchenga kuti mtengo utsike.

Yankho ndi lakuti zina zimatheka, zina zimagwetsa bizinesi. Sabata ino tiona chifukwa chake, komanso masamu oyenera kuchita musadagule chilichonse.

Konkire wa thovu n'chiyani?

Konkire wamba ndi simenti, mchenga, miyala ndi madzi. Mukadzaza bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, amalemera makilogalamu pafupifupi 2,400. Konkire wa thovu alibe miyala. Mumayamba mwapanga phala la simenti, madzi ndi chodzazira chosalala monga mchenga wosefa, kenako mumathiramo thovu lolimba, longa la sopo wometera ndevu. Thovulo limasiya timabowo tampweya tambirimbiri, tambiri mwa ito tosaposa milimita imodzi. Phala likauma, timabowoto timatsala momwemo, ndipo bokosi lomwe lija limalemera pakati pa makilogalamu 400 ndi 1,600, malinga ndi kuchuluka kwa thovu.

Thovuli limachokera ku mankhwala apadera omwe amasungunulidwa m'madzi n'kupopedwa ndi mpweya wa kompuresa. Mankhwala ena amapangidwa kuchokera ku ziboda, nyanga ndi magazi a nyama, ena ndi apachibale ndi sopo. Sopo wotsukira mbale amatulutsanso thovu, koma silichedwa kuphwa, ndipo likaphwa simenti asadagwire buloko imatitimira m'chikombole.

Kupepuka kuli ndi mtengo wake. Mukachulukitsa mpweya, mphamvu imatsika. Akatswiri amayeza kulimba mu MPa, ndipo MPa imodzi ndi ngati makilogalamu 10 otsamira pa kamalo ka sentimita imodzi mbali zonse. Konkire wa silabu amakhala wa MPa 20 mpaka 25. Konkire wa thovu wopangidwa ndi mchenga amapereka MPa imodzi kapena imodzi ndi theka akakhala wa makilogalamu 600, pafupifupi 3 akakhala wa makilogalamu 1,000, ndipo amayandikira 10 akafika makilogalamu 1,600. Apa mpomwe chodzazira chimalowera, chifukwa chimatha kukweza kapena kutsitsa manambalawa kulemera kuli komweko.

Masamu a bokosi limodzi

Tiyerekeze kuti mukufuna phala lolemera makilogalamu 1,000 pa bokosi lija, lomwe ndi malita 1,000. Mwaika simenti makilogalamu 300, omwe ndi matumba 6, mchenga wouma makilogalamu 500 ndi madzi malita 180. Simenti atenga malo a malita pafupifupi 95, mchenga malita 189, madzi malita 180. Zonse pamodzi ndi malita 464. Malo otsala, malita oposa 530, ndi a thovu. Ndiye kuti kuposa theka la zomwe mukugulitsa ndi mpweya. Ngati mankhwala anu ndi osungunula lita imodzi m'malita 40 a madzi, thovu lonseli silitha ngakhale lita imodzi ya mankhwala.

Buloko yopanda mabowo ya masentimita 40 m'litali, 20 msinkhu ndi 15 m'lifupi imadya malita 12. Bokosi limodzi likupatsani mabuloko 83, kapena kuti pafupifupi 14 pa thumba la simenti. Iliyonse ilemera makilogalamu 12 ikadali yonyowa, n'kupepukako ikauma. Buloko yomweyo ya konkire wamba ikadalemera makilogalamu pafupifupi 29. Lole ya matani atatu inganyamule mabuloko a thovu 250 pomwe enawo ingatenge 104 okha. Musaiwale kuti mabuloko a mabowo omwe ali pamsika ndi opepukako kale, choncho mukamayerekeza ikani pasikelo buloko ya mnzanu amene mukulimbirana naye makasitomala.

Tsopano chotsani mchenga uja n'kuikapo makilogalamu 500 a phulusa losalala la malasha amiyala. Phulusali ndi lopepuka kuposa mchenga, motero litenga malita oposa 220 m'malo mwa 189. Kulemera sikudasinthe, koma phala lachuluka ndipo mpweya wachepa. Kuonjezera apo, timibulu ta phulusa ndi tating'ono kwambiri moti timakuta thovu lililonse bwinobwino, pomwe mchenga wokhakhala umaboola thovu n'kulumikiza timabowo kukhala mabowo akuluakulu. Lamulo loyamba ndi limenelo: chodzazira chikakhala chosalala ndi chopepukirako, buloko imalimba kwambiri pa kulemera komweko.

Zodzazira zili m'magulu awiri

Gulu loyamba ndi la zomwe zimangotseka malo. Sizithandiza simenti kugwira. Izi zingalowe m'malo mwa mchenga basi, osati simenti.

Gulu lachiwiri ndi la zomwe zimagwira ntchito limodzi ndi simenti. Simenti akakumana ndi madzi amatulutsa laimu wina amene amangokhala m'konkire osaonjezera mphamvu kwenikweni. Maphulusa ena ali ndi silika wochuluka, ndipo silikayo akakumana ndi laimu uja amapanga guluu wofanana ndi wa simenti. Izi zimachitika pang'onopang'ono, kwa milungu ndi miyezi. Zodzazira za gululi zingachotseko gawo la simenti.

Ambiri amaluza posokoneza magulu awiriwa. Amaona fumbi la miyala likufanana mtundu ndi simenti, n'kuchepetsa matumba. Fumbi la miyala ndi mwala basi, siligwira.

Fumbi la kukwale

Ili ndi lomwe amisiri amangoti quarry dust, lotsala akamaphwanya miyala. Kwa amene ali pafupi ndi kwale m'mizinda monga Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndicho chodzazira chosavuta kupeza chaka chonse, ngakhale m'dzinja pomwe mitsinje yadzaza ndipo mchenga ukuvuta. Lingalowe m'malo mwa gawo la mchenga kapena mchenga wonse. Koma limabwera ndi timiyala, ndipo timiyala m'phala la thovu timamira pansi, buloko n'kukhala yolemera kunsi, yofooka kumwamba. Sefani ndi sefa ya mabowo osaposa mamilimita awiri. Fumbili limamwanso madzi kuposa mchenga wa kumtsinje. Phala likauma khosi limayamwa madzi a m'thovu, thovu n'kuphwa, choncho onetsetsani kuti phala lafewa ngati la mwana musadathire thovu.

Mchenga wa kudambo ndi wosalala, zomwe ndi zabwino, koma nthawi zambiri umakhala ndi dothi. Uyeseni motere: thirani mchenga m'botolo loonekera mkati kufika masentimita 10, onjezerani madzi ndi kamchere pang'ono, khutchumulani n'kusiya maola atatu. Dothi likhala pamwamba pa mchenga. Likayandikira sentimita imodzi, mchengawo utsukeni kapena usiyeni.

Zidutswa za njerwa zootcha

Pamalo pomwe agumula nyumba kapena pa uvuni wakale pamakhala milu ya zidutswa yomwe eni ake amasowa kotaya. Njerwa yopsa bwino ikasinjidwa kukhala ufa imathandizako simenti pang'ono, ndipo ku India amisiri akhala akusakaniza ufa wotere ndi laimu kuyambira kalekale. Vuto ndi ntchito yosinja ndi kusefa, komanso ludzu lake. Uwazeni madzi usadalowe m'phala. Njerwa yosapsa, yomwe imasungunuka m'madzi, ndi dothi chabe ndipo isayandikire. Kwa woyamba kumene, ufa wa njerwa muziuwerengera ngati mchenga, musachotse nawo simenti.

Phulusa la mankhusu a mpunga

Apa mpomwe pali mwayi weniweni kwa a ku Karonga, Nkhotakota, Salima, chigwa cha Bwanje ndi madera ozungulira nyanja ya Chilwa, komwe mankhusu amaunjikana kuseri kwa zigayo. Pa makilogalamu 100 a mpunga wosapuntha, pafupifupi 20 ndi mankhusu, ndipo mankhusuwo akapsa amasiya phulusa lokwana makilogalamu anayi. Phulusa lopsa bwino limakhala ndi silika woposa magawo 85 pa 100 alionse.

Nkhani yagona pa kaotchedwe. Moto woyenera ndi wa madigiri 500 mpaka 700, woyaka pang'onopang'ono ndi mpweya wokwanira. Phulusa lake limatuluka lotuwa kapena loyera, lofewa m'manja. Likatuluka lakuda ndiye kuti mwatsala makala, ndipo makala ndi mdani wa thovu chifukwa amayamwa mankhwala aja, thovu n'kufa muli kuona. Moto ukapyola madigiri 800, silika amauma gwa ngati mchenga, sagwiranso ntchito ndi simenti, ndipo fumbi lake limaononga mapapo. Mukamasefa kapena kupera phulusa lililonse, valani chotchinga pamphuno ndi pakamwa.

Phulusali liyenera kuperedwa mpaka lisalale ngati simenti. Likatero lingachotse magawo 10 mpaka 20 pa 100 alionse a simenti. Yambirani pa 10. Limamwa madzi kwambiri chifukwa kambewu kalikonse kali ndi timabowo take, choncho mukapyola muyeso mudzakakamizika kuonjezera madzi, ndipo madzi ochuluka amafooketsa buloko.

Phulusa la zotsalira za nzimbe, zomwe mafakitale a shuga monga a ku Nchalo ndi Dwangwa amasonkhezera moto wa makina awo, lili m'gulu lomweli. Nalo limafuna kusefa, kupera ndi kuonetsetsa kuti mulibe makala. Koma phulusa la kukhitchini, la nkhuni ndi makala a pambaula, lisiyeni lipite kumunda. Limasintha tsiku ndi tsiku malinga ndi mtengo womwe wapsa, ndipo simungamange bizinesi pa chinthu chosadziwika mawa lake.

Phulusa la malasha amiyala

Ili ndi lomwe mabuku amatama kwambiri, lotchedwa fly ash. Limakokoledwa mu utsi wa malo opangira magetsi ndi malasha, monga ku Maamba m'dziko la Zambia, ku Hwange m'dziko la Zimbabwe ndi malo ambiri a ku South Africa. Timibulu take ndi tozungulira, motero phala limayenda bwino popanda madzi ambiri. Kafukufuku yemwe Elsabe Kearsley wa ku University of Pretoria ndi mnzake adasindikiza mu 2001 adapeza kuti m'konkire wa thovu phulusali lingalowe m'malo mwa simenti mpaka magawo 67 pa 100 popanda kutsitsa kwenikweni mphamvu ya konkire akakhalitsa. Mawu ofunika apa ndi akuti akakhalitsa, chifukwa m'masiku oyamba konkire wotere amakhala wofooka.

Kwa wamalonda wamng'ono kuno kwathu, funso ndi mtunda. Phulusa likadutsa pachipata cha dziko n'kuyenda makilomita mazanamazana, kutchipa kwake kumathera m'njira. Lili ndi phindu kwa amene ali pafupi ndi komwe limatuluka, kapena amene angagwirizane ndi anzawo kudzaza lole yobwerera yopanda katundu.

Utuchi ndi zotchinjirizira katundu

Utuchi ndi waulere kwa akalipentala ndi ocheka matabwa, ndipo umapepukitsa buloko. Koma mtengo uli ndi shuga wachilengedwe, ndipo shuga ngakhale wochepa amachedwetsa simenti kugwira. M'konkire wa thovu kuchedwa ndi ngozi, chifukwa thovu liyenera kupirira mpaka simenti atagwira. Utuchi umafufumanso ukanyowa n'kunyala ukauma, zomwe zimabweretsa ming'alu. Amene amaugwiritsa ntchito amayamba aunyika m'madzi a laimu n'kuutsuka, ndipo amathira wochepa. Buloko ya utuchi isakhale poti mvula kapena chinyontho chingaipeze.

Zoyera zopepuka zija zotchinjirizira mawailesi a kanema ndi mafiriji m'makatoni nazo anthu amazinyenya n'kuthira m'phala. Zimapepukitsa ndi kutchinga kutentha, koma sizionjezera mphamvu ngakhale pang'ono. Zimayandama phala likachuluka madzi, ndipo pamoto zimasungunuka n'kutulutsa utsi woipa. Si za kukhitchini kapena pafupi ndi ng'anjo.

Werengani thumba la simenti

Musadathire phulusa lililonse, onani zolembedwa pa thumba. Simenti wolembedwa CEM II amakhala atasakanizidwa kale kufakitale ndi zinthu monga mwala wa laimu kapena phulusa, mpaka magawo 35 pa 100. Mukaonjezera phulusa lanu pa simenti wotere wa 32.5, mwasukulutsa kawiri. Ngati mukufuna kuchotsako simenti, gulani wa 42.5. Simenti wa 22.5, womangira njerwa ndi kupulasitala, si wa ntchito imeneyi.

Kodi phindu lilipodi?

Tibwerere ku bokosi lathu la mabuloko 83. Kuchotsa magawo 10 pa 100 a simenti ndi kupulumutsa makilogalamu 30, kuposa pang'ono theka la thumba. Kuti mupeze phulusa la makilogalamu 30 mufunika mankhusu okwana makilogalamu 150, ochokera ku matumba 15 a mpunga wosapuntha. Mankhusu ndi opepuka koma amadya malo, choncho ndi bwino kuwaotchera komweko n'kunyamula phulusa lokha.

Tiyerekeze kuti simenti amatenga theka la ndalama zonse zopangira. Ndiye kuti mwapulumutsa magawo asanu pa 100, omwe ndi mtengo wa mabuloko anayi pa 83 aja, ndipo apo simudachotse ndalama ya wootcha, wosefa ndi wa ngolo. Mabuloko asanu akasweka chifukwa cha phulusa loipa, mwagwira ntchito yambiri kuti muluze. Choncho musawerengere phindu pa thumba la simenti. Phatikizani simenti, chodzazira, transipoti yake, mankhwala a thovu, madzi, magetsi kapena mafuta ndi malipiro a aganyu, kenako gawani ndi mabuloko okhawo omwe afika kwa kasitomala ali athunthu.

Pali ndalama zina ziwiri zobisika. Yoyamba ndi zikombole. Buloko wamba mumaigwedeza n'kuitulutsa nthawi yomweyo, koma phala la thovu ndi lamadzi, siligwedezedwa, ndipo limagona m'chikombole mpaka tsiku lotsatira. Mabuloko 83 pa tsiku akufuna malo 83 a chikombole. Phulusa likachedwetsa kugwira, zikombole zimamangika nthawi yaitali. Yachiwiri ndi mpamba wogona pabwalo. Mabuloko amafunika kufunditsidwa pulasitiki kuti asaume msanga kwa masiku osachepera 7, ndipo asagulitsidwe masiku 28 asadakwane. A phulusa amapitiriza kulimba mpaka miyezi iwiri kapena itatu. Konkire wa thovu amanyala kwambiri akamauma kuposa konkire wamba, makamaka mchenga ukachepa, ndipo buloko yomangidwa isadamalize kunyala imang'amba khoma la mwini wake.

Yesani ndi ndowa ndi sikelo

Simukusowa zida zodula kuti muyambe. Ndowa ya malita 20 ndi sikelo yogulira mbewu ndi zokwanira. Thovu labwino lodzaza ndowayo limalemera kilogalamu imodzi mpaka imodzi ndi theka mutachotsera ndowa, ndipo siligwa mukaizondotsa. Phala la makilogalamu 1,000 liyenera kulemera makilogalamu 20 m'ndowa yomweyo. Yesani mkando uliwonse musadathire m'zikombole. Zodzazira muziyeza pasikelo zili zouma, chifukwa wilibala ya phulusa ndi wilibala ya mchenga sizilemera mofanana.

Mukafuna kuyesa chodzazira chatsopano, umbani mabuloko 10 a muyeso wanu wakale ndi 10 a watsopano tsiku limodzi, ndipo sinthani chinthu chimodzi chokha. Lembani deti pa buloko iliyonse ndi miyeso m'kope. Mawa lake onani ngati phala latsika m'chikombole. Pakatha masiku 28 chekani imodzi ndi sowo: timabowo tikhale tating'ono, tofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ikani zina pasikelo, zinyikeni m'madzi tsiku lathunthu n'kuyezanso kuti muone zomwe zikumwa madzi kwambiri. Musadayambe kugulitsa kwa makontilakitala, pititsani zitsanzo kukaphwanyidwa ndi makina ku labotale yoyeza zomangira, ndipo funsani a Malawi Bureau of Standards muyeso womwe mabuloko ayenera kukwanitsa. Pepala la zotsatira ndi lomwe lidzakulankhulireni kasitomala akadzabwera ndi dandaulo. Paja safunsa adadya phula.

Muuzeni kasitomala zoona

Mabuloko opepuka a thovu ndi abwino pa makoma ogawa zipinda, makoma otseka pakati pa mapilala a konkire, ndi zipinda zapamwamba pomwe kulemera kuyenera kuchepa. Amatchinga kutentha, zomwe a ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja angayamikire, ndipo amachekeka ndi sowo. Phala lake amathiranso padenga la silabu pofuna kuchepetsa kutentha, ndipo ena amaumbira miphika ya maluwa ndi zokongoletsera nyumba. Si a maziko, mapilala, silabu, pamwamba pa zitseko ndi mawindo, kapena podutsa galimoto. Khoma lakunja lifunika pulasitala wabwino, ndipo msomali wamba sugwira zolemera m'buloko yotere. Khoma loti lisenze denga kapena nyumba yosanja lifunika mabuloko olemerako, oyesedwa, ndi mawu a injiniya.

Kwa inu amene simuumba mabuloko, pali kabizinesi pambali. Woumba amafuna chodzazira chouma, chosefa, chofanana sabata ndi sabata, choyezedwa m'matumba. Amene ali pafupi ndi chigayo cha mpunga kapena kwale angagulitse zimenezo. Koma yambani mwapeza woumba mmodzi woti ayese thumba lanu n'kudikira masiku 28 aja, musadalipire ngolo yodzaza.